Zitsulo Ziwiri za Pansi pa Galimoto ya Maliro

Galimoto yathu ya maliro tinaigula ili yotopa kale, kwa munthu wina amene ankanyamulira nthochi. Ndi pikapu yakale yokoka ndi matayala onse anayi. Ogula tinali ife a bungwe lothandizana pa maliro la m'mudzi mwathu, chifukwa tinatopa ndi kusenza bokosi pamapewa kuchokera kumsewu wa tala mpaka kuno m'munsi mwa phiri. Eni magalimoto a ku Chonde akamva kuti maliro ndi a kwathu ankanena poyera kuti akatitula pamlatho, kwinako tidziwa tokha.

Chaka chimene madzi anakokolola mlathowo, msewu wathu unasanduka ngalande ziwiri zokhala ndi msana pakati. Galimoto inkakhula mimba pamsanawo, ndipo tsiku lina inakakamira ili ndi maliro, anthu n'kutsika kukankha atavala za kutchalitchi. Bungwe linagwirizana kuti ikwezedwe. Ine pamsonkhano umenewo panalibe, ndinali ku Limbuli kwa mwana wanga, maso atandivuta. Pobwerako ndinapeza galimoto yatalika miyendo ngati kakowa. Makaniko wa ku Chonde anali atawonjezera zitsulo pa masipuling'i ndi kuika mashoko aatali, ndipo mbali imeneyo anaigwira bwino, sindimunena.

Woyendetsa galimotoyi ndi mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, mwana wa mnzanga wakalekale amene tinkagwira naye ntchito pa esiteti ya tiyi, iye dalaivala, ine wa mu galaja. Mayiyu amanditcha amalume ngakhale palibe ubale wa magazi. M'mawa wina wa chiperoni anafika pakhomo panga atasenza zitsulo ziwiri zazitali, chilichonse chopindika nsonga zonse ngati chigongono, n'kuzigwetsa pafupi ndi chipala changa chosulira makasu.

"Amalume, amakaniko akuti izi zatsala. Akuti galimoto ikakwezedwa sizifikanso, komanso zilibe ntchito pamsewu ngati wathuwu. Atcheya akuti mutisulire migwala yokumbira manda, poti kumanda kwathu ndi miyala yokhayokha."

Ndinazizindikira ndisanazigwire. Amakaniko amazitcha sitabilaiza. Chimodzi chimakhala kutsogolo, china kumbuyo, chopingasa pansi pa galimoto. Pakati pake chimagwira ku thupi la galimoto, ndipo nsonga zake zimalumikizidwa ku ekiselo, chitsulo chonyamula matayala chija, ndi timikono tiwiri timene timati malinki. Galimoto ikamayenda mowongoka chitsulochi chimangokhala. Ikafika pokhota, thupi likafuna kugwera mbali imodzi, chimapotoka n'kukaniza. Ntchito yake ndi imeneyo basi, ndipo munthu woyang'ana galimoto itaima sangaione.

Ndinamuuza kuti azisiye, ndiona. Atapita ndinakhala pachitsa mpaka makala a pamvukuto anazima.

Ndinalowa ntchito pa esiteti ndisanaonepo mkati mwa kalasi. Makolo anga anachokera ku Mozambiki, kunyumba tinkayankhula Chilomwe, ndipo sukulu tinkaiona ngati ya ana a makalaliki ndi akapitawo. Mu galaja ndinaphunzira ndi maso ndi manja, ndipo ndinaphunzira msanga, moti nati ikakana amakaniko akuluakulu ankaitana ine. Koma tinali ndi chizolowezi china mu galajamo. Sitabilaiza tinkaitcha chitsulo chaulesi, chifukwa sitinkaiona ikugwira ntchito, ndipo tonse tinkadziwa kuti palibe chitsulo chosulira mgwala kapena tchizulo choposa icho. Sichibuntha msanga, sichipindika. Kawirikawiri tinkachotsa pa magalimoto akufa. Ine, chaka chimene ndinkamanga nyumba yanga yoyamba ndipo maziko anakumana ndi thanthwe, ndinachotsa pa galimoto yamoyo, pikapu imene mnzanga uja ankayendetsa.

Patapita masiku awiri anabwera mu galaja. Anati galimoto ikuyenda ngati yamwa kachasu, ikafika pokhota ikuweramira kunja. Ndinapopa matayala, ndinagogoda apa ndi apo, n'kumuuza pamaso pa anthu kuti wamwa kachasu ndi iyeyo. Tinaseka tonse, iye yemwe. Sabata yomweyo, atasanjikiza matumba a masamba a tiyi mpaka pamwamba, anagubuduka pokhota potsikira kumtsinje. Palibe anafa. Iye anathyoka chiuno. Abwana pofufuza anamva mu galaja kuti munthuyu timamuseka za kuledzera, ndipo anamuchotsa ntchito ndi kumutulutsa m'nyumba ya esiteti. Pansi pa galimoto palibe amene anasuzumira.

Ndinadziuza kuti chitsulo chaulesi sichingagwetse galimoto, ndipo bodza limeneli linandisunga zaka zambiri, mpaka ndinayamba sukulu ya kwacha imvi zitamera kale. Ndinkakhala pabenchi ndi amayi obereka ana kumbuyo, ndikulemba zilembo ndi dzanja lozolowera nyundo. Nditadziwa kuwerenga Chichewa ndinalimbana ndi Chingerezi, pang'onopang'ono, chifukwa ndinali ndi buku lothothoka la amakaniko limene ndinatola pamene galaja ya esiteti inkatsekedwa. Ndinkafuna kudziwa zimene manja anga anakhala akuchita zaka zonsezo. Patsamba lina panali zithunzi ziwiri za galimoto pokhota, ina yoima bwino, ina yopendekera tayala lili m'mwamba. Mawu a m'munsi mwake ndinawawerenga sabata yathunthu, limodzilimodzi. Anzanga a pabenchi sukulu inawapatsa kusaina ndi kuwerenga Baibulo. Ine inandipatsa zimenezo, n'kundiwonjezera mlandu wanga. Sindinauze munthu. Mnzangayo ndinapitiriza kudya naye nyemba za kalongonda ndi kukhala naye benchi limodzi kutchalitchi.

Litacha tsiku lija la zitsulo, ndinapempha mayi woyendetsa uja kuti anditenge popita ku Nkando kukathira mafuta. Potsika kwathu pali malo amene msewu umazungulira mwala waukulu, ndipo kunja kwake kuli chigwembe chotsikira kumtsinje. Analowapo pang'onopang'ono, monga anamuphunzitsira bambo ake, komabe thupi la galimoto linapendekera mpaka phewa langa linakanikiza chitseko. Kumbuyo kunalibe kanthu.

"Imatero chikwezereni?" ndinafunsa.

"Imatero. Amakaniko akuti ndizolowera."

"Nanga muli amayi khumi kumbuyoko, abambo ataimirira, bokosi pakati?"

Anangogwiritsa chiwongolero mpaka tinafika pa tala.

Pobwerera tinadzera ku Chonde kwa makaniko. Sanabise kanthu. Anati galimoto itakwera, thupi linatalikirana ndi ekiselo, malinki akale anafupika, ndipo atayesa kukakamiza labala limodzi linang'ambika. Anawonjezera kuti popanda zitsulozo tayala limatsika momasuka m'ngalande, ndipo pamenepo ankanena zoona.

"Madala, zanuzo ndi za pa tala," anatero akupukuta manja. "Kwanu kuja ndani amathamanga ndi maliro?"

Ndinamuuza kuti galimoto yokwezedwa yanyamula kulemera kwake m'mwamba, ndipo sifunika liwiro kuti igwe, imafunika tayala limodzi kulowa m'dzenje pokhota anthu ataimirira. Anakanda m'mutu.

"Mukawauze atcheya anu. Akati zibwerere, ndikubwerekani jeke."

Bungwe linakumana Lamulungu tikutuluka m'mapemphero, pakhonde la tchalitchi. Atcheya athu ndi mayi wogulitsa nanazi, wa mawu oti akayitana mwana kumtsinje amamveka kumunda. Ndinaika zitsulo ziwirizo pansi n'kufotokoza zonse monga ndikuzidziwira. Anthu anali ndi njala ndipo ankafuna kupita. Ena anati galimoto yangochoka kumene kwa makaniko wa galaja yake, ena anakumbutsa kuti adzukulu okumba manda akhala akudandaula za miyala. Bambo wina kumbuyo anati, "Amadala, zimenezi munaziwerenga ku kwacha?" ndipo panali kuseka.

Kenako mnzanga uja anaimirira, atatsamira ndodo yake.

"Ine ndinayendetsa galimoto ambiri a inu musanabadwe," anatero. "Chitsulo chimenecho sindinachionepo chikugwira ntchito. Galimoto imagwetsedwa ndi dalaivala, ndifunseni ine. Atcheya, asule migwala achimwenewa, asatichedwetse."

Anthu anaseka kwambiri, chifukwa nkhani ya ngozi yake anali ataisandutsa nthabwala kalekale, iye mwini, kuti ena asayambe. Ndipo pa nkhani ya galimoto mawu ake ankalemera kuposa anga. Ndinaona atcheya akutsekula pakamwa kuti atseke nkhani. Ndikanakhala chete, Lolemba ndikanayatsa moto n'kusula migwala, ndipo maliro otsatira mwana wa munthu yemweyu akanatsika nawo pamwala paja.

"Achimwene," ndinatero, "galimoto ija simunaigwetse ndinu."

Anatembenuka akumwetulirabe.

"Inalibe chitsulo ngati ichi kutsogolo. Ndinachotsa ndine, ndinasula mgwala, ndinakumbira maziko a nyumba yanga. Munabwera kudzandiuza kuti ikupendekera, ine ndinakusekani."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, mwendo wopunduka uja atautambasula.

"Bwerezani."

Ndinabwereza, mawu omwewo.

"Munadziwa liti?"

"Ndinakayika tsiku lomwelo. Kudziwa kwenikweni, nditaphunzira kuwerenga."

"Mukanangokhala mbuli," anatero, osati mokweza. Anatola ndodo n'kutsika masitepe, ndipo mwana wake anamutsatira. Atafika pamtengo wa mango mayiyo anabwerera yekha, n'kuyankhula kwa atcheya, ine osandiyang'ana.

"Ine sindinyamulanso munthu kumbuyo mpaka zitsulozo zibwerere."

Atcheya anapuma mpweya wautali. "Mwamva nonse. Za inu ndi anzanu, amadala, si za bungwe, mukazionera nokha. Za galimoto, chitani msanga, chifukwa imfa siyang'ana kuti tili pa galaja."

Ntchitoyo ndiifotokoza bwino, chifukwa ndi imene ndimanyadira kuposa zonse zimene manja awa anagwira. Ena anati ndingotenthetsa nsonga za zitsulozo n'kuzipinda kuti zifike. Ndinakana. Chitsulo chimenechi mphamvu yake ili m'kupotoka n'kubwerera, ndipo moto umaipha. Ndinkadziwa bwino chifukwa ndinachiphapo chimodzi. Chofunika chinali malinki atsopano, aatali, kuti mikono ya chitsulo igone mofanana ndi nthaka monga inkagonera galimoto isanakwezedwe. Ikaloza pansi kapena kumwamba kwambiri, chitsulo chimakhala chokokedwa nthawi zonse, chimadya malabala, ndipo tsiku lina linki imaduka pamalo oipa.

Ndinakwera njinga mpaka ku Limbuli. Pa magome a ogulitsa zitsulo zakale ndinatha theka la tsiku ndikusankha mabawuti. Wogulitsa wina ankandikakamiza ndodo yonyezimira ya mazinga yokhayokha, akuti ndingodula utali umene ndikufuna. Ndinaiika pabondo n'kuipinda pamaso pake, ndipo anasiya kuyankhula. Ndinkafuna mabawuti akuda olimba, a manambala pamutu, ndipo manambalawo ndinawawerenga ndekha ndi magalasi anga atsopano. Ndinapeza anayi aatali ochokera pa thirakitala yakufa, manati awiriawiri, mawasha okhuthala, malabala atsopano, ndi paipi yachitsulo yoti ndidule timachubu tolowa pakati pa malabala. Utali wa kachubuko ndi umene umapereka utali wa linki, ndipo sindikanadula ndisanayeze.

Vuto linali pa kuyezako. Utali woyenera supezeka galimoto ili pa jeke, kapena ili yopanda kanthu. Iyenera kuima ndi matayala ake pamalo osalala, itanyamula katundu amene imanyamula masiku onse. Malo osalala m'mudzi mwathu ndi amodzi okha, simenti ya shedi imene alimi a tiyi amayezerapo masamba. Ndipo katundu wa galimoto yathu ndi maliro.

Ndinapempha atcheya kuti Lachinayi masana, alimi atachoka pa shedi, abwere ndi amayi a nyimbo ndi abambo amene amakwera kumbuyo, aliyense akhale pamalo pake. Anabwera ndithu, koma anaima chapatali pamthunzi, manja atapinda.

"Tikwere bwanji popanda wamwalira?" anafunsa mayi wina wachikulire amene amayambitsa nyimbo. "Mukufuna tiitane ndani?"

"Ndi mphindi zochepa chabe, amayi."

"Ngakhale imodzi. Ine ndili ndi mdzukulu akudwala kunyumba."

Bambo uja amene anandiseka za kwacha anati tingodzaza matumba a mchenga. Ndinamuyankha kuti mchenga sudziwa kuti ani amakhala pati. Amayi onenepa amakonda kumapeto chifukwa kukwera kumawavuta, abambo amaimirira kuseri kwa kanyumba ka dalaivala, ndipo mbali ya kumanzere imadzaza kuposa ya kumanja chifukwa ya kumanja kuli tayala losungira. Zonsezi zimasintha mmene galimoto imakhalira kumbuyo. Anamva, anavomera ndi mitu, koma palibe anasuntha. Ngakhale atcheya anayang'ana kumbali. Ndinaima pamenepo ndi tepi m'manja, ndikudziwa kuti mwa anthu onsewa ine ndiye wosayenera kuwapempha kuti achite chinthu chowopa.

Mnzanga uja sindinamuone chichokereni pakhonde la tchalitchi. Anatulukira panjira ya m'munda wa tiyi, akukoka mwendo, atavala jekete yake ya Lamulungu. Sanapereke moni kwa ine. Anazungulira galimoto, anasuzumira pansi pamene ndinali nditamangirira kale zitsulo ku thupi, nsonga zikulendewera, kenako anapatsa mwana wake ndodo.

"Ndikwezeni."

"Ababa, mukupita kuti?"

"Ndikwezeni, ndati."

Abambo awiri anamunyamula. Pakati pa galimoto pali matabwa awiri pamene timakhazikapo bokosi. Anagona pamenepo chagada, n'kupinda manja pachifuwa.

"Ababa, dzukani, anthu akuona."

"Aone. Wotsatira ndine, nonse mukudziwa. Ayezere pa ine. Ndikufuna ndimve ndi msana wanga ngati munthuyu akudziwa zimene akunena."

"Mukatifera pomwepo tidzati chiyani?" anatero mayi wa nyimbo uja.

"Mudzati galimoto inali pafupi. Kwerani, amayi, matabwawa akundipweteka."

Wina anaseka mobisa, kenako ena. Atcheya anamanga chitenje n'kukwera koyamba, akudandaula kuti galimoto yatalika ngati nkhokwe. Ena anatsatira mmodzimmodzi, aliyense pamalo pake, ndipo mayi wa nyimbo anakwera komaliza atalengeza kuti nyimbo yokha sayimba, wina asayerekeze. Ndinaona masipuling'i akugona pang'onopang'ono. Ndinapempha mayi woyendetsa kuti akhale pampando wake, ndipo anakhala. Ndinagwedeza galimoto kawiri kuti ikhazikike, n'kulowa pansi.

Maondo anga ndi akale, koma pansi pa galimoto ndi kwathu. Ndinayamba kumbuyo. Ndinakweza mkono wa chitsulo ndi dzanja, ndinaikapo levulo ya amisiri omanga nyumba, mpaka kathovu kanaima pakati. Ndinayeza kuchokera pa bowo la nsonga kufika pa bowo la pa ekiselo, n'kulemba nambala pa simenti ndi choko. Ndinachita chimodzimodzi kutsogolo. Manambalawo ndinawawerenga kawiri, chifukwa munthu wophunzira mochedwa sakhulupirira diso loyamba. Ndinatuluka, ndinadula timachubu ndi sowo, ndinapala m'mphepete, anthu ali m'mwamba akudandaula za dzuwa.

"Amadala, maliro enieni sachedwa chonchi."

"Maliro enieni sayankhula," anayankha wogona uja. "Musiyeni adule bwino."

Ndinamanga linki ya kumanja koyamba. Chinsinsi chili pa yachiwiri. Bawuti yake iyenera kulowa yokha, ndi chala, popanda kukanikiza chitsulo kapena kumenya ndi nyundo. Ikalowa mokakamiza ndiye kuti chitsulo chapotoka kale galimoto ili chiimire, ndipo idzakhota bwino mbali imodzi, ina n'kumapendekera. Kutsogolo inalowa bwino. Kumbuyo, mbali ya kumanzere kumene kunali amayi ambiri, inatsala pang'ono, ngati kukhuthala kwa chala chaching'ono. Mchenga sukanandiuza zimenezo. Ndinatuluka, ndinafupikitsa kachubu ka mbali imeneyo, ndinabwereranso, ndipo bawuti inalowa ngati yapakidwa mafuta. Ndinamanga manati onse galimoto ili pansi ndi katundu wake, mpaka malabala atangoyamba kufufuma, osapitirira, n'kutsekera ndi nati yachiwiri.

Kenako ndinatsitsa anthu onse kupatula wogonayo, amene anakana. Ndinaika jeke ya makaniko pansi pa thupi n'kukweza mpaka tayala linalendewera, mbali iliyonse payokha. Ndinkafuna kuona kuti tayala likatsikiratu m'ngalande, linki ndi mkono wa chitsulo sizikuwongoka kukhala mzere umodzi, chifukwa zikatero zimatha kutembenukira kwina n'kuthyola zinthu. Ndinayang'ananso kuti sizikukhudza paipi ya mabuleki kapena ndodo ya chiwongolero. Kutsogolo kumanja paipi inali pafupi kwambiri, ndipo ndinasuntha kogwirira kake pang'ono. Nditatsitsa jeke ndinapukuta manja n'kunena kuti ndamaliza.

"Simunamalize," anatero mnzangayo ali chigonere. "Pamwala paja."

Amayi anakana kukwera ulendo wachiwiri, koma atcheya ndi abambo asanu anakwera, ndipo abambowo anaimirira monga amachitira. Ine ndinakwera kumbuyo, ndinakhala kumapazi kwa wogonayo. Mayi woyendetsa anatsika nayo mwa giya yoyamba. M'ngalande galimoto inalimba pang'ono kuposa kale, tayala limodzi linapalasa fumbi lisanagwire, ndipo ndinadziwa kuti makaniko wa ku Chonde adzandikumbutsa zimenezo. Tinafika pamwala. Chiwongolero chinapindika, thupi linayamba kuweramira kuchigwembe, linafika pena pake n'kuima. Ndinamva malabala akulira pang'ono pansi pathu. Abambo oimirira sanagwire ngakhale anzawo. Titadutsa, mnzangayo anagogoda kanyumba ka dalaivala ndi chigongono.

"Bwerera, udutsenso, uwonjezere pang'ono."

Tinadutsa katatu. Ulendo wachitatu anatseka maso, ndipo ndinaona kuti akumvetsera ndi msana monga ananenera. Titaima kumtunda anatambasula dzanja kuti mwana wake amudzutse.

"Yagwira," anauza atcheya. Kenako anayang'ana ine, koyamba tsiku limenelo. "Ntchito mumaidziwa, achimwene. Munkaidziwa ndi kale lomwe. Mkazi wanga anamwalira akudziwa kuti ndinaledzera tsiku lija. Ndinalumbira, sanakhulupirire. Mukamuuza bwanji ameneyo?"

Sanadikire yankho. Anamutsitsa, anatenga ndodo, anapita.

Makaniko wa ku Chonde anabwera yekha kudzatenga jeke yake, ndipo analowa pansi pa galimoto nthawi yaitali. Potuluka anandifunsa kumene ndinapeza mabawutiwo, ndi chifukwa chake kachubu ka kumanzere n'kofupikirapo. Ndinamufotokozera, ndipo anajambula ndi foni yake. Tsopano akakweza galimoto ya munthu amatumiza uthenga kuti ndipite ndikayeze, ndipo ndimapita, ndi tepi ndi levulo pa kaliyala. Bungwe linandipatsa udindo woyang'ana pansi pa galimoto yathu maliro aliwonse asananyamuke. Adzukulu a kumanda anagula migwala yawo kumsika.

Mnzangayo akadali moyo. Kutchalitchi anasamukira benchi lina, kutsogolo pafupi ndi zenera. Tikakumana panjira amayankha moni, mawu awiri, n'kupitirira. Ndinapita kunyumba kwake kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anandipatsa mpando, tinakhala pakhonde osayankhulana mpaka dzuwa linapendeka. Mwana wake anakhala miyezi akunditcha abambo ngati mlendo. Ndinamva kuti m'mudzi anthu anasiya nthabwala ija ya dalaivala, ndipo iye mwini anaisiya.

Maliro oyamba chibwezereni zitsulo anali a mkulu wina wa kutsidya kwa mtsinje, m'nyengo ya mvula, msewu uli poterera. Ndinayang'ana manati onse m'mawa, ndipo ponyamuka sindinakwere. Ndinatsatira pambuyo pa njinga kuti ndione ndi maso anga. Kumbuyo kunadzaza, amayi akuyimba, abambo ataimirira, ndipo mnzangayo anali kutsogolo pambali pa mwana wake, chigongono chili pazenera. Pamwala paja tayala la kumbuyo linatsetserekera m'dzenje la madzi. Galimoto inaweramira kuchigwembe, n'kubwerera, ndipo nyimbo sinaduke. Ine ndinatsika panjinga, ndinakankha mpaka kumtsinje, ndipo kumanda ndinafika mochedwa.